Mmene Yosefe Chiboo Anagwirira Mpira Atamwalira

A Filipo Mukhuna ankasoka nsapato pa Chinakanaka, pakhonde la sitolo ina imene mwini wake, Mmwenye, anaitseka pamene amalonda a mtundu wake anauzidwa kuti akagulitsire m'mizinda. Sitolo inatsala ndi loko ndi mileme, khonde linatsala ndi a Filipo. Palibe anawapatsa malowo, komanso palibe anawachotsapo, popeza kuchotsa munthu kumafuna kalata, ndipo kalata imafuna munthu wodziwa kuti khondelo ndi la yani.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa a mlimi, wosakonda kuseka pagulu. Ntchito yawo ankaidziwa, ngakhale kuti nsapato ankazinyoza. Ankati phazi la munthu linalengedwa lokwanira kale, nsapato inabwera ndi anthu oopa nthaka. Wobwera ndi nsapato yong'ambika ankamva ulalikiwu kwaulere, kenako n'kulipira zosokazo.

Mapazi amene a Filipo ankawalemekeza anali a anyamata a mpira wa m'maesiteti a tiyi, a zaka za m'ma 1950, amene ankasewera opanda nsapato pa mabwalo otsetsereka, golo lina kumtunda lina kumunsi. Mkulu wawo wa a Filipo, Yosefe, anali goloboyi wa timu ya othyola masamba pa esiteti ina m'munsi mwa phiri. Anali goloboyi wabwino ndithu, kufikira tsiku lolimbirana chikho. Tsikulo mnyamata wina wa timu ya ku fakitale, dzina lake Morris, anamenya mpira wofooka, wongokwawa ngati kamba, ndipo mpirawo unadutsa pakati pa miyendo ya Yosefe anthu onse akuona, ndi mzungu wa esiteti yemwe. Kuchokera pamenepo Yosefe anatchedwa Chiboo. Anakwatira ali Chiboo, anabatizitsa ana ali Chiboo, ndipo pamaliro ake mkulu wa mpingo, munthu wochokera kutali wosadziwa za mpira, anapempherera banja la a Chiboo ndi mtima wake wonse. Denga likadontha pa Chinakanaka ankati lachita Yosefe. Thumba likabooka, Yosefe.

Ichi ndicho chinkawadya a Filipo. Ankafuna kuti mkulu wawo aime pa golo kamodzi kokha, Morris amenye, mpira usalowe, dzina lija lichoke pa ana ake. Chovuta chinali chakuti Yosefe ndi Morris onse anali kumanda. Kwa munthu wina nkhani ikanathera pomwepo.

Njira anaipeza pamodzi ndi alamu awo, a Pilato Nakoma. A Pilato anakhala zaka zambiri akupima masamba a tiyi pa sikelo ya esiteti, ndipo anapuma ntchito ali ndi chikhulupiriro chakuti chilichonse padziko chimalemera mochepera pa mmene mwini wake akunenera. Anali wa timu ya ku fakitale mpaka m'mafupa, ndipo chigoli cha Morris ankachifotokoza pa ukwati uliwonse, nthawi zina ndi pamaliro pomwe. Awiriwa ankakhala limodzi pakhondepo masana onse osagwirizana pa kanthu, koma mmodzi akadwala mnzake ankasowa chochita.

Chaka china mvula inachedwa, anthu anasiya kusoketsa nsapato, ndipo a Filipo anajambula bwalo la mpira ndi khala pa simenti ya khonde. Osewera anali zitsekerero za mabotolo, zomenyedwa ndi chikhadabo mosinthana, uyu kamodzi uyu kamodzi. Mpira unali njere ya nandolo. Goloboyi anali bokosi la machesi. Ana ambiri amachita zotere, koma ana amangosewera. Akuluakulu awiriwa anayamba ndi malamulo, monga ziyenera anthu amene analamulidwa ndi maboma angapo.

Lamulo loyamba linali lakuti osewera onse akhale omwalira, chifukwa wamoyo amabwera kudzatsutsa. Lachiwiri, aliyense asewere monga ankasewerera ali moyo. Amene anali wonenepa, chitsekerero chake ankachidzaza phula la kandulo kuti chilemere. Amene ankamenya ndi phazi lamanzere lokha, ankamenyedwa ndi dzanja lamanzere. Lamuloli analibweretsa a Filipo eni ake, ndipo linawaluma tsiku lomwelo. A Pilato anatenga bokosi la machesi lija, nasolola kam'kati kosungira machesi, n'kutsala chikuto chokha chotseguka uku ndi uku. Anachikweza, nayang'ana a Filipo kudzera m'bowomo.

"Uyu ndiye Yosefe amene ine ndikumudziwa," anatero.

"Alamu, munthu uja anagwira mipira yosawerengeka."

"Yomwe anagwirayo ndani akuikumbuka? Muikeni pa golo, kukamwa kuyang'ane kubwalo."

A Filipo anamuika. Njere ya nandolo inkakwana m'bowomo bwinobwino, malo n'kutsala.

Za kugula osewera zinayamba mwangozi. Akuyeserera tsiku lina, a Pilato anakalipira chitsekerero china chaulesi: "Hudson, thamanga, galu iwe." Mayi wina wogulitsa tomato kutsidya kwa msewu anaimirira, nawoloka, nafunsa modekha kuti akutukwanidwayo ndi Hudson uti, popeza wawo anamuika zaka zisanu zapitazo ndipo sanamve kuti wadzuka. Anamupepesa ndi zinanazi ziwiri. Madzulo ake dera lonse linali litagwirizana kuti munthu sungatchule womwalira tsiku lonse, kumuthamangitsa padzuwa ndi kumukalipira, osapita kaye kwa eni dzina kukagwada. Mawa lake eni mayina anali ataganiza kale mitengo.

A Pilato anali ndi penshoni, a Filipo analibe. Kuti chikho chisagulidwe ndi penshoni, anaika lamulo lachitatu: aliyense agule timu yake yonse ndi zinanazi makumi anayi zochokera m'munda mwake, osaonjezerapo ngakhale khoko. Anawerengerana pakhondepo. A Pilato anakana ziwiri za a Filipo, ati ndi ana a zinanazi.

Morris anagulidwa ndi a Pilato kwa mkazi wake wamasiye, a Estele, pa zinanazi khumi ndi zisanu, ndi pangano lakuti asamenyedwe pa bondo lakumanzere limene linkamuvuta nthawi yozizira. A Filipo atamva mtengowo anaseka kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho. Yosefe anali wakwawo, ankayembekeza kumutenga ulere. Anakwera njinga kupita kumudzi kwa amayi awo, kumene kunkakhala mlongo wawo wamkulu, a Alefa. Anawapeza akusenda chinangwa.

"Achemwali, ndabwera kudzapempha achimwene."

"Ati? Ndatsala ndi iwe wekha, ndipo iwe palibe anakupemphapo."

"A Yosefe. Akaime pa golo."

"Sanatope nalo golo? Musiye agone."

"Tsiku limodzi lokha. Agwire mpira wa Morris, anthu asiye dzina lija."

A Alefa anapitiriza kusenda. "Morris wapita pa zingati?"

"Khumi ndi zisanu."

"Ndiye Yosefe makumi awiri."

"Achemwali, Morris ndi amene anagoletsa. Achimwene ndi amene anagoletsedwa."

"N'chifukwa chake. Wogoletsa aliyense amamufuna, sasowa kolowera. Wangayu ndamusunga ndekha zaka zonsezi ndi dzina lonunkha. Ukufuna ndikamve kumsika kuti mwana wa amayi anga watsika mtengo kuposa mwamuna wa Estele? Estele amene amabwereka mchere kwa ine?"

"Ndi mkulu wanga inenso."

"Mkulu wako pa bere. Dzina lili kuno kuchikazi. Iwe unakakwatira kwina, ndiwe tambala wa khola la eni."

A Filipo anapereka makumi awiri. Motero goloboyi wonyozeka koposa m'boma lonse la Mulanje anakhalanso wodula koposa, ndipo anthu amene anamva anati zinthu zotere zimachitika ndi ku Blantyre komwe.

Zinatsala zinanazi makumi awiri, osewera ofunika khumi. Kwa milungu ingapo a Filipo anayenda panjinga m'midzi ya m'mphepete mwa tiyi kufunafuna akufa otchipa. Anaphunzira kuti wakufa amatchipa pa chifukwa. Wyson anali wotchinga kumbuyo woopsa, koma ankafika pabwalo atamwa kachasu, choncho mwa lamulo lachiwiri chitsekerero chake chinayenera kugona chagada chigawo chonse choyamba. Winston anali ndi liwiro la gwape, koma anali wa mpingo wopembedza Loweruka, ndipo abale ake anati sanasinthe maganizo. Mapasa ena anawatenga pa mtengo wa munthu mmodzi, chifukwa amalume awo anavomera kuti sanawasiyanitsepo. Wina anali asanasewerepo kwenikweni, ankangonyamulira timu ndowa ya madzi, koma tsiku lina analowa m'bwalo kuthamangitsa mbuzi ndipo mpira unamugunda, ndiye a Pilato analola monyinyirika. Kunalinso wina amene abale ake anamupereka ulere, naonjezerapo phava la nthochi, ati mumutenge koma musamubweze.

A Filipo sanadandaule. Sankafuna kugoletsa. Ankafuna anthu khumi oima ngati mpanda patsogolo pa bowo lija, kuti mpira wa Morris ufike kwa Yosefe utatopa, ugunde m'mbali mwa bokosi, basi. Atamaliza anatsala ndi zinanazi zinayi. A Pilato, amene anatsitsa mtengo wa wakufa aliyense pouza abale ake kuti sanali wamkulu monga akumukumbukira, anatsala ndi zisanu ndi zitatu.

Apa ndi pamene anafika a Mwahara, tcheyamani wa nthambi ya Chipani, amene masiku wamba ankagulitsa palafini. Zaka zimenezo khadi la Chipani linkafunsidwa pachipata cha msika ndi pokwera basi, ndipo mwana wakumbuyo sankaonedwa kuti ndi wamng'ono kwambiri moti sangakhale nalo. A Mwahara sanali munthu wankhanza. Anali ndi mtolo wa makhadi osagulidwa m'thumba la jekete, ndipo kumapeto kwa mwezi kunali msonkhano umene anayenera kukafotokoza chifukwa chake.

Anaima m'mphepete mwa bwalo la khala lija, nayang'ana zitsekerero.

"A Mukhuna, pano pamasonkhana anthu angati?"

"Awiri, a tcheyamani. Ine ndi alamuwa."

"Ine ndamva mayina oposa makumi awiri."

"Enawo ndi omwalira."

"Omwalira akusonkhana m'dera langa ine osadziwa?"

"Sakambirana kanthu. Amangosewera mpira."

"Onse amayamba choncho. Makhadi ali nawo?"

A Pilato anayankhapo, monga munthu wophunzira. "Ambiri anamwalira makhadi asanabwere, a tcheyamani."

"Ndiye n'zimene ndikunenazo. Sanaonetsepo mbali imene ali. Munthu wofa nthawi ya Chitaganya sitimudziwa maganizo ake. Uyu ndani?" Analoza ndi nsonga ya nsapato.

"Wyson."

"Wagoneranji chagada ine ndikulankhula?"

"Waledzera, a tcheyamani."

A Mwahara anagwedeza mutu ngati munthu amene zoopa zake zatsimikizika. Analamula kuti mpira uime kufikira nkhani itamveka ku Boma.

Anapita atatu onse, a tcheyamani patsogolo. Mu ofesi yoyamba, kalaliki woona za masewero anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati ntchito yake imathera pamene munthu wasiya kupuma, ndipo anawalozera khomo la oona za chuma cha amasiye. Kumeneko anawauza kuti iwo amasamala zimene wakufa wasiya, osati wakufayo, ndipo ngati zitsekererozo zinali za omwalira azisiye pomwepo ziwerengedwe. A Filipo anazibweza m'thumba msanga. Pakhomo lachitatu panali kalaliki wachikulire wa magalasi omangidwa ndi ulusi, amene anakhalitsa pa ntchito chifukwa sanaletsepo munthu kugula khadi. Uyu anaganiza nthawi yaitali akuyang'ana chithunzi cha mtsogoleri wa dziko pakhoma, ngati chimuthandiza.

"Analemba kalata yotuluka m'Chipani?" anafunsa.

"Ayi, bwana."

"Yokana kulowa?"

"Ayi."

"Ndiye kufikira atabwera malangizo ochokera kumtunda, aonedwe ngati anthu amoyo amene sabwera kumisonkhano. Wofuna kusewera agule khadi."

A Pilato anapempha kuti chigamulocho chilembedwe. Kalaliki anawayang'ana pamwamba pa magalasi, nati iye sanakalambe chifukwa cholemba zinthu.

Pobwerera, alamu awiriwo anakangana njira yonse. A Filipo ankati makhadi agulidwe ndi ndalama za m'thumba. A Pilato, ngakhale kuti penshoni inali yawo, anakana. Anati lamulo lachitatu ndi lamulo, khadi ndi mbali ya mtengo wa wosewera, lichoke pa zinanazi zotsala. Anali atawerengera kale mumtima. Pamsika khadi limodzi linkafuna zinanazi ziwiri. A Pilato akanalowetsa anthu anayi, a Filipo awiri okha.

A Filipo anayesa kubweza osewera ena kuti apezeko zinanazi, koma anapeza zitadyedwa, ndipo abale a uja wa nthochi anatseka chitseko atangoona njinga patali. Khadi loyamba linali la Yosefe, pamenepo panalibe funso. Lachiwiri linawasowetsa tulo. A tcheyamani anali ataika mpira Loweruka, ndiye Winston anagwa. Mapasa ankafuna makhadi awiri, popeza Chipani, mosiyana ndi amalume awo, chinkatha kuwasiyanitsa. Anatsala Wyson. Mpanda wa anthu khumi unasanduka chidakwa chimodzi chogona chagada.

"Nanga otsalawa aonerera?" anafunsa a Filipo.

"Woonerera amafunanso khadi," anatero a Mwahara. "Asungeni m'thumba. M'thumba ndi kunyumba."

Loweruka lake khonde linadzaza. Anthu anaonetsa makhadi pa sitepe, nakhala mozungulira, ena anakwera pa njinga zawo kuti aone bwino. A Estele anabwera ndi ambulera kudzayang'anira bondo la mwamuna wawo. A Alefa anakhala pa mpando wosokera wa a Filipo osaupempha. Woyimbira anali a Mwahara, popeza pa Chinakanaka panalibe wina amene chigamulo chake chikanamveka.

Asanaimbe wezulo anakweza dzanja. "Khadi silikhala kunyumba. Wosewera aliyense alinyamule."

A Pilato anayesa kuika khadi pansi pa Morris, koma Morris anakanika kuyenda. Atakambirana, a tcheyamani analola kuti makhadi a zitsekerero akhale kunja kwa mzere, lililonse ndi kamwala pamwamba, monga wosewera amasiyira jekete. A Filipo anaika la Wyson pamenepo. Kenako anatenga la Yosefe, nalipinda kawiri mosamala, nalilowetsa m'bokosi la machesi lija. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene akulowetsa ulusi m'singano. Ngati anaganiziratu kapena zinangowabwerera pomwepo, sanauzepo munthu.

"A tcheyamani," anatero a Pilato, "atseka chiboo."

"Atseka ndi chiyani?"

"Ndi khadi."

"Eya. Goloboyi ali ndi thumba, waikamo khadi lake. Enawa alibe matumba. Ndiye mukufuna chiyani, a Nakoma? Nenani bwinobwino, anthu amve."

Ngodya ya khadi inkaoneka pakamwa pa bokosi. A Pilato anayang'ana ngodyayo, nayang'ana anthu, ena mwa iwo osawadziwa.

"Mukufuna membala atulutse khadi m'thumba, alitaye pansi?" anafunsanso a Mwahara.

"Ayi ndithu. Ndimangoyamikira kuti lakwanamo bwino."

"Tamva. Tiyambe."

Chigawo choyamba chinali cha Morris yekha. Wyson anagona chagada pakati pa bwalo, ndipo a Filipo, popeza analibe wina womenya, nthawi yawo ikakwana ankangomugogoda pang'ono, iye n'kuzungulira pamalo pomwepo. Anthu amene ankamudziwa ali moyo anati ndi yemweyo. Morris anafika pa golo mobwerezabwereza. Njere inkauluka, n'kugunda pepala ndi kaphokoso kakang'ono, n'kubwerera. A Estele anayamba kunena kuti mwamuna wawo akugwiritsidwa ntchito kuposa mtengo wake.

Koma a Pilato sanapime masamba zaka zonsezo pachabe. Anaona chimene ena sanachione: mpira uliwonse unkakankhira khadi m'kati pang'ono, ndipo kumbuyo kwa bokosi mchira wa pepala unali utayamba kutuluka. Anasiya kulunjika m'mbali, nayamba kumenya pakati penipeni, mwamphamvu. A Filipo anaonanso. Anatambasula dzanja.

"Goloboyi sakhudzidwa masewero ali m'kati," anatero a Pilato. "Lamulo lanu lomwe, alamu."

Chigawo chachiwiri Wyson anadzuka, natembenuzidwa, ndipo anachita zimene ankadziwika nazo: anagunda mnzake wa Morris mpaka kumugwetsera mu ngalande, kenako anagunda Morris pa bondo lakumanzere. A Estele anaimirira ndi ambulera. A Mwahara anatulutsa Wyson m'bwalo, ndipo anamuuza kuti akaonekere ku nthambi Lolemba. Yosefe anatsala yekha, khadi litatuluka theka kumbuyo, pakamwa pa bokosi pakuoneka mdima.

Mthunzi wa denga unali utafika pa mzere umene anagwirizana kuti mpira uthere. Kunatsala kumenya kumodzi. A Pilato anagwada, natsitsa tsaya pafupi ndi simenti, napukuta chikhadabo pa malaya.

"Alamu," anatero, "mukuukumbuka uja unkakwawa?"



A Pilato sanamenye mwamphamvu. Morris anangokhudza njere, ndipo njere inayenda pang'onopang'ono, ikugwedera pa timiyala ta simenti, inafika pakamwa pa bokosi, n'kulowa. Mitu yonse inaweramira kumbuyo kwa golo. Anadikira. Wina anatsokomola. Kumbuyoko sikunatuluke kanthu. Njere inali itakodwa mu mpindo wa khadi.

"Igwedezeni," anatero a Pilato. "Ili m'njira, ikubwera."

"Yalowa koma sinatuluke," anatero a Filipo. "Ameneyo wagwira."

"Wameza, sanagwire. A tcheyamani, lolani tione m'katimo."

A Mwahara anawongola jekete. "Membala sasechedwa popanda kalata," anatero, naimba wezulo.

Panalibe wogoletsa. A Filipo anaimirira, maondo atayera ndi fumbi, natembenukira kwa mlongo wawo, popeza dzina linali lawo ndipo mawu otsiriza anali awo.

"Achemwali, mwaona. Nenani anthu amve."

A Alefa anayang'ana bokosi. "Ali moyo miyendo ija sinkakumana," anatero. "Amayi ankati anabadwa atakwera kale njinga. Koma lero wagwira. Amene atchulenso dzina lija abwere adzanditchulire ine pakhomo panga." Kenako anauza a Filipo kuti zinanazi zitatu mwa zija zinali zowawasa.

Dzina silichoka popanda lina lolowa m'malo. Mayi wa tomato uja ndi amene anayamba, pouza mnzake kuti amene wagwira mpira ndi Membala. Pofika nyengo yokolola, ana a Yosefe, anthu a ndevu zawo, ankatchedwa ana a Membala. Si dzina limene a Filipo akanasankha, koma zaka zimenezo linali dzina limene munthu sankaliseka pagulu, ndipo iwo anati zakwana.

Bokosi analikulunga m'kansalu, njere ili momwemo, nalisunga pansi pa zikopa m'kabokosi ka zida. Bwalo la khala linafufutika ndi mapazi a osoketsa nsapato. A Pilato okha ndi amene sanagonje. Anakafunsa mwakachetechete, ndipo anapeza kuti khadi limatha ndi chaka. Khadi lakutha si khadi, ndi pepala wamba, ndipo pepala wamba munthu angalitulutse m'bokosi popanda kuopa. Anadikira Januwale moleza mtima.

Makhadi atsopano atangofika, a Mwahara potsegula chitseko m'mawa anapeza a Filipo atakhala pa sitepe, chipewa m'manja, akufuna awiri: lawo ndi la achimwene. Yosefe anakhalabe membala, ndipo membala sasechedwa. Zinatero chaka chimenecho ndi zaka zonse zotsatira. A tcheyamani anayamba kuwatchula pamisonkhano ngati chitsanzo cha banja lomvetsa zinthu, limene ndi akufa omwe sachedwa, ndipo kamodzi a Filipo anaimiritsidwa kutsogolo kuti anthu awaombere m'manja. Anaima ngati munthu wodikira jakisoni.

A Pilato sanasiye kubwera pakhonde. Ankakhala pa malo awo, Morris ali m'thumba la malaya, n'kumamutulutsa nthawi ndi nthawi kumupukuta dzimbiri.

"Alamu, tibwereze. Mpira wopanda chigoli si mpira."

"Tibwereza khadi likatha."

"Litha liti?"

"La chaka chino, Disembala," anatero a Filipo, akukoka ulusi ndi mano. "Koma a tcheyamani andisungira kale la chaka chamawa."